Reticulate: kuitana Python uli mkati mwa R, mmene ikundigwirira nchito kuno ku Chipata

Anzanga amene mumagwira nchito ya ma data a alimi kuno ku Eastern Province ya Zambia, kaya muli ku ma cooperative, ku makampani ogula soya ndi nshawa, kapena ku timabungwe tija toyenda ndi matabuleti m'midzi, ndati ndilembeko za reticulate, chida cholumikiza R ndi Python (zinenero ziwiri za pakompyuta zogwirira nchito ya ma data), chifukwa ambiri mwakhala mukufunsa ngati ndi yothandizadi kapena ingokudyerani bando chabe. Ine ndimaikonda ndipo sindingaisiye, zimenezo ndinene poyambirira. Koma ili ndi malo amodzi pomwe ingakupwetekeni mwakachetechete, pomwe zinthu zimawoloka kuchoka ku R kupita ku Python ndi kubwerera, ndipo apo ndi pomwe ndikhalitsepo.

Kwa amene simunaimvepo, reticulate ndi package ya R, yaulere, anaipanga ndi a RStudio omwe mu 2022 anasintha dzina kukhala Posit. Inalowa pa CRAN, nkhokwe ya pa intaneti ya ma package a R, mu 2017, ndipo code yake inayambira mu package yoti anthu a R azigwiritsa nchito TensorFlow, chida cha machine learning, kenako anaipatula kuti iziima payokha. Nchito yake ndi imodzi basi, kuyatsa Python mkati mwenimweni mwa R. Sikuti imatsegula pulogalamu ina pambali ayi. Imakweza library ya Python ija, pa Windows ndi kafayilo ka dll kokhala ndi dzina ngati python311.dll, n'kuilowetsa mu process ya R, ndiye ziwirizo zimakhala pamodzi zikudyera memory imodzi. Mukatsegula Task Manager nthawi imeneyo simupeza Python ikuyenda payokha, mungoona R session yanu ikukulirakulira. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa zabwino zonse za reticulate ndi zowawa zake zomwe zimachokera pomwepo.

Nchito yathu ife ndi yoyeretsa kaundula wa alimi. Anyamata ndi atsikana a ku field amalemba pa KoboToolbox, pulogalamu yodzazira mafomu pa tabuleti, akazungulira ku Kasenengwa, Chipangali, Chadiza, Vubwi mpaka ku Katete, ndipo mlimi mmodzi amatha kulembedwa kawiri kapena katatu, chaka chatha ngati Njobvu, chaka chino ngati Njovu, wina Nkhoma wina Nkoma, wina anayamba ndi dzina la makolo wina anayamba ndi dzina loyamba, NRC (chiphaso cha boma) pena palibe pena nambala imodzi inalumphidwa, munda wina walembedwa mu ma lima wina mu maekala wina mu mahekitala, pomwe lima imodzi ndi kota chabe ya hekitala. Malipoti athu onse ali mu R, ma graph a package ya ggplot2, R Markdown yolembera malipotiwo, zonse, ndipo abwana anazolowera maonekedwe ake moti kuwasinthira kungakhale kuyambitsa nkhani. Koma mnyamata amene timagwira naye nchito ndi wa Python, ndipo analemba kachida kabwino kwambiri kofananitsa maina pogwiritsa nchito ma library awiri a Python, pandas ya matebulo ndi rapidfuzz yofananitsa mawu. Mu rapidfuzz muli token_sort_ratio yomwe imayamba yasanja mawu isanawafananitse, ndiye ngakhale maina atembenuzidwe imaonabe kuti ndi munthu mmodzi.

Tisanayambe reticulate tinkachita zomwe ndikudziwa kuti ambiri mukuchitabe. Kutulutsa CSV (fayilo ya tebulo ya mawu okhaokha) mu R, kukaitsegula mu Python, kutulutsanso CSV ina, kuibweretsa mu R. Zimagwira inde, koma foda imadzaza ndi mafayilo ofanana maina moti malaiti akathima pakati pa nchito, monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala chija, pobwerera sudziwanso kuti fayilo yomaliza ndi iti. Komanso CSV sisunga mtundu wa column. Nambala ya foni yoyamba ndi 0, pandas ikaiwerenga popanda kuuzidwa kuti ndi mawu imaitenga ngati nambala yowerengera n'kuchotsa 0 uja, ndipo mukadzafuna kutumiza ndalama pa mobile money ndi pomwe mumadzaona kuti manambala onse ndi opunduka. Ndi reticulate data frame (tebulo la data) ya R imawoloka yonse n'kukakhala DataFrame ya pandas, column ya mawu imakafika ili ya mawu, 0 ali pamalo pake, ma NRC ali ndi timizere tawo. Kwa ine ichi chokha chinali chokwanira kuti ndisamuke.

Njira zoigwiritsira nchito zilipo zingapo. Pali import, yomwe imakupatsani module ya Python ngati chinthu cha R, ndipo pomwe a Python amalemba kadontho inu mumalemba chizindikiro cha dola, mwachitsanzo rf$fuzz$token_sort_ratio ngati rapidfuzz mwaipatsa dzina loti rf. Pali repl_python yomwe imasandutsa console yanu kukhala ya Python mpaka mutalemba exit, yabwino poyesayesa zinthu. Mu R Markdown mutha kuika chunk ya Python pakati pa ma chunk a R, zinthu za R muziona ku Python polemba r ndi kadontho, za Python muziona ku R polemba py ndi dola. Koma yomwe ine ndimaidalira ndi source_python. Mnzanu amalemba ma function ake mu fayilo ya py, amaiyesa payekha mmene amachitira masiku onse, inu mumangoiitana ndi mzere umodzi ndipo ma function aja amaoneka mu R ngati munalemba nokha. Aliyense amakhala pa chinenero chomwe amachidziwa bwino, palibe wokakamizidwa kuphunzira cha mnzake usiku umodzi, ndipo pa ofesi yaing'ono ngati yathu zimenezi ndi zamtengo kuposa liwiro.

Manje tifike powolokera paja. Amene munapitako ku Mwami, pa boda ya Zambia ndi Malawi, mukudziwa kuti mbali zonse ziwiri ndalama ndi kwacha, koma K100 ya kuno si K100 ya ku Mchinji, ndipo amene waiwala zimenezo amalira pobwerera. R ndi Python ndi chimodzimodzi, zinthu zimaoneka zofanana pa sikirini koma zikawoloka zimatanthauza zina.

Choyamba chomwe chimagwira aliyense ndi manambala. Mukalemba 10 mu R, kwa R imeneyo ndi nambala ya madesimo ngakhale simukuwaona, ndiye imakafika ku Python ngati float, 10.0. Function yofuna nambala yathunthu, monga range, imakana n'kukuuzani kuti TypeError: 'float' object cannot be interpreted as an integer. Mankhwala ake ndi kulemba 10L kapena kudutsitsa pa as.integer. Ili ndi vuto labwino ndithu chifukwa limafuula, mumaliona, mumakonza, nkhani yatha.

Lachiwiri ndi lobisala. Vector ya R yokhala ndi zinthu zambiri imasanduka list ku Python, koma ikakhala ndi chinthu chimodzi chokha imasanduka chinthu chimodzicho, osati list. Taganizani mukufananitsa maina mudzi ndi mudzi, midzi yonse ikuyenda bwinobwino, kenako mwafika pa kamudzi komwe mu kaundula wakale muli mlimi mmodzi yekha, Tembo. Python silandira list ya dzina limodzi, imalandira mawu akuti Tembo, ndipo popeza ku Python mawu amatha kuyendedwa chilembo ndi chilembo, rapidfuzz imayamba kufananitsa dzina lanu ndi T, kenako e, kenako m, kenako b, kenako o. Palibe error iliyonse. Imangokupatsani score yotsika, inu n'kumati mlimiyu ndi watsopano, n'kumulembanso kachiwiri. Kukonza kwake n'kosavuta, muzidutsitsa pa as.list nthawi zonse musanatumize, koma muyenera kudziwa kaye kuti dzenjelo lilipo.

Lachitatu ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa limakhudza ndalama za anthu. R imayamba kuwerenga pa 1, Python imayamba pa 0, ndipo reticulate sikusinthirani zimenezi, sinalonjezenso kutero. Function ya extractOne ya mu rapidfuzz imabweza zinthu zitatu, dzina lomwe lafanana, score yake, ndi malo omwe dzinalo lili mu mndandanda. Malowo ndi owerengera ku Python. Mukatenga nambala imeneyo n'kukatolera nayo mzere mu data frame ya R osawonjezera 1, mumatola mlimi wa pamwamba pake. Ndipo kuno kwathu komwe mudzi umodzi ungakhale ndi a Phiri asanu ndi atatu otsatizana mu kaundula, diso silingaone cholakwika, dzina la makolo ndi lomwelo, mudzi ndi womwewo, koma NRC ndi nambala ya foni ndi za munthu wina, matumba a nshawa omwe anagulitsa mayi uyu alembedwa kwa mlamu wake. Ikakhala kuti wofananayo ndi woyamba mu mndandanda, Python imabweza 0, ndipo R mukaipempha mzere wa 0 sidandaula, imangokupatsani tebulo lopanda kanthu, mlimi uja wasowa. Chomwe tinagwirizana pa ofesi ndi chakuti nambala ya malo isawoloke ngakhale pang'ono. Mlimi aliyense ali ndi ID yake ya mawu, function ya Python imabweza ID imeneyo, ndipo ku R timalumikiza ndi ID. Ngati mutolapo chinthu chimodzi pa zonse ndalembazi, tolani chimenechi.

Za memory nazo ndinenepo chifukwa ambiri kuno tili pa malaputopu a 4GB kapena 8GB ogwira kale nchito. Matrix ya manambala ikachoka ku R kupita ku NumPy, library ya Python ya manambala, sikopedwa, Python imangoyang'ana pomwe R yaisunga, zomwe ndi zabwino maningi. Koma ikachoka ku NumPy kubwera ku R imakopedwa yonse. Mu rapidfuzz muli cdist yomwe imafananitsa dzina lililonse ndi dzina lililonse n'kutulutsa matrix, ndiye werengani nokha, maina 10,000 mbali ino ndi 10,000 mbali inayo ndi timabokosi 100 miliyoni, ndipo R imasunga nambala iliyonse ya madesimo mu ma byte 8, kutanthauza 800MB za kope yokha pomwe yoyamba ija ikadali ku Python. Laputopu imayamba kulira fani, mouse osayenda. Poitana import mutha kuika convert kukhala FALSE kuti zinthu zizikhala ku Python mpaka inu mutazipempha ndi py_to_r, koma njira yabwino koposa ndi yoti kusefa konse kuchitikire ku Python, kubwere tebulo laling'ono la okhawo omwe afanana. Chimodzimodzi ndi ma loop, musamaitane Python mzere ndi mzere kuchokera ku R chifukwa ulendo uliwonse wowoloka umadya nthawi, tumizani column yonse kamodzi. Ife tinafika poti data frame imodzi imapita, data frame imodzi imabwera, basi, ndipo kuyambira pamenepo mavuto ambiri anangotha okha.

Kuinstola ndi komwe ndingaichotsere mamaki. Package yeniyeniyo ndi yaing'ono, koma funso lakuti igwiritse Python iti ndi lomwe limazunguza mutu, makamaka pa kompyuta yomwe yadutsa m'manja mwa anthu angapo ndipo ili ndi Anaconda yakale, Python ina ya ku Microsoft Store, ina yomwe inabwera ndi QGIS. Mumainstola rapidfuzz pa imodzi, reticulate yatola ina, n'kukuuzani ModuleNotFoundError pa chinthu chomwe mwangomaliza kuika ndi manja anu. Zikatero musataye nthawi, yendetsani py_config, imakuuzani Python yomwe yasankhidwa ndi foda yake. Dziwaninso kuti Python ikangoyaka mkati mwa R simungaisinthe mpaka mutatseka session n'kuyambanso, ndiye use_python kapena use_virtualenv ziyenera kukhala pamwamba penipeni pa script, musanaitane chilichonse. Kuyambira version 1.41 ya mu 2025 anabweretsa py_require, yomwe imagwiritsa nchito kachida kotchedwa uv kukutengerani Python ndi ma package pa intaneti yokha popanda inu kuvutika. Kwa munthu wokhala pa wifi yosatha ndi chinthu chokoma kwambiri, ndipo ndikumvetsa chifukwa chomwe anachipangira. Koma kwa ife odalira hotspot ya pafoni, chida chongoyamba kudawuniloda chokha chimafuna kuchiyang'anira, ndipo mukakhala ku Vubwi komwe netiweki imabwera ndi kupita simufuna kuti lipoti liyime chifukwa chinachake chikusakidwa pa intaneti.

Chomwe ndimachita pa kompyuta iliyonse ya pa ofesi ndi ichi. Ndimapanga virtualenv imodzi, foda yokhala ndi Python ndi ma package akeake, ndimalemba njira yopita ku Python yake mu RETICULATE_PYTHON mkati mwa fayilo ya .Renviron, ndipo popeza reticulate imayang'ana pamenepo isanayang'ane kwina kulikonse, nkhani yosankha molakwika imathera pompo. Ma package ndimawatenga kamodzi ndi pip download tsiku lomwe intaneti ili bwino, ndimawaika pa flash, ndipo pa makompyuta enawo ndimainstola ndi pip install yokhala ndi --no-index ndi --find-links kuloza ku flash ija, osadya bando ngakhale MB imodzi. Chofunika ndi chakuti Python ikhale version imodzi pa makompyuta onse, chifukwa mafayilo a pandas ndi NumPy opangidwira 3.11 salowa pa 3.12.

Zina ziwiri zochokera pa kukhala mu process imodzi kuja. Python ikagwa kugwa kwenikweni, osati error wamba koma library ina ya C ikaphulika, R nayo imapita limodzi, pulogalamu ya RStudio yolembera R n'kukuonetsani kachithunzi ka bomba ndipo chilichonse chomwe simunaseve chapita. Sizichitika kawirikawiri koma zimachitika, makamaka ma version a NumPy ndi ma package ena akasemphana. Chinacho ndi chakuti zinthu za Python zomwe mukuziona mu R ndi zolozera chabe, chinthu chenichenicho chili ku Python. Mukatseka RStudio n'kuseva workspace, mawa mupeza maina onse alipo pa Environment koma mukawakhudza akukuonetsani pointer ya 0x0, chifukwa Python yomwe inkawasunga inazima dzulo. Choncho zotsatira zofunika muzizisandutsa kukhala za R kaye n'kuziseva ndi saveRDS, ndipo kuno komwe batire ya laputopu ndiyo imalamula kuti nchito ithe nthawi yanji, muzichita zimenezi pa sitepe iliyonse yaikulu. Ma error wamba a Python amafika ku R ali ofupikitsidwa, koma py_last_error imakupatsani nkhani yonse ndi mzere womwe wavuta, ndipo ndi yomwe ndimatumizira mnyamata wathu wa Python pa WhatsApp ndikakhala ku field kuti aone msanga.

Ena andifunsa kuti bwanji osangogwiritsa rpy2. Imeneyo imachita zomwezi motembenuza, imayatsa R mkati mwa Python, ndiye ngati nyumba yanu yeniyeni ndi Python ndipo mukungofuna model imodzi ya ku R, pitani kumeneko. Maganizo oyatsa chinenero china mkati mwa china si achilendo, tkinter yomwe imabwera ndi Python imayendetsa Tcl mkati mwake, ndipo ku R kuli package ya V8 yochita chimodzimodzi ndi JavaScript. Funso ndi lakuti malipoti anu amathera kuti, ndipo athu amathera mu R.

Ndinenenso mosabisa kuti si aliyense akufunika reticulate. Ngati vuto lanu ndi kufananitsa maina chabe ndipo pa ofesi palibe amene analemba kale code ya Python, R ili ndi stringdist yomwe imagwira nchito imeneyo bwino, ndipo mudzakhala ndi chinenero chimodzi chosamalira, kompyuta imodzi yosavuta kukonza wina akapita pa tchuthi. Ngati script ya Python ndi yoti imangoyenda kamodzi pa sabata n'kutulutsa fayilo, system2 ikukwanirani, ndipo ikagwa sigwetsa R. Reticulate imayamba kulipira pomwe pali code ya Python yoyesedwa kale yomwe simukufuna kuilembanso, kapena library yomwe ku R kulibe yofanana nayo, ndipo data ikufunika kupita ndi kubwera kangapo mu lipoti limodzi.

Kwa amene mukuyamba sabata ino, musanaikhulupirire ndi kaundula yense, tengani mudzi umodzi womwe alimi ake mumawadziwa pamaso, muonetsetse kuti muli a Banda kapena a Phiri angapo otsatizana, muonjezepo kamudzi ka mlimi mmodzi yekha, muyendetse, kenako muyang'ane NRC ya aliyense ndi maso anu poyerekeza ndi fomu ya pepala. Ife timabwereza mayeso amenewa nthawi iliyonse wina akasintha fayilo ya py kapena akakweza version ya package, makamaka tikamayandikira nyengo yogula mbewu pomwe mndandanda womwewo ndi umene umapita kokalipira anthu.